Nyimba ya a Mulenga inatsala pang'ono kufomatidwa

Lachiwili m'mawa ndinali kuthilila tomato kuseli kwa nyumba kuno ku Petauke pamene foni inalila. Anali amake Bwalya, akazi a mnzanga a Mulenga a ku Nyimba. Sanandifunse n'komwe kuti ndauka bwanji. Amayi amenewa moni wawo umatha tiyi atazizila, choncho ndinadziwilatu kuti zinthu zavuta.

"A Sakala, bwelani," anatelo. "Nyimba yazima. Anzanu akulya lini, akukana chakudya kuyambila pa Sondo."

Wina akanaganiza kuti akunena za magetsi. Ine ndinasiya khani yothilila pomwepo n'kukasintha malaya, chifukwa ndinadziwa Nyimba imene ankanena.

Owelenga anga, Nyimba zilipo ziwili. Ina ndi iyi mumaidziwa, ya pa msewu waukulu wa ku Lusaka, kumene basi ikaima mumagula nthochi zimene simunakonze kugula. Ina ili m'kompyuta ya a Mulenga, ndipo anaimanga okha.

Ndiyambe ndakuuzani za mwini wake.

A Mulenga anabwela ku Nyimba kuchokela ku Kasama tonse tili anyamata. Boma linawatuma kudzagwila nchito yoyang'anila zomangamanga, ine ndikuphunzitsa pa sukulu ina pomwepo. Iwo ndi Mbemba, ine Mnsenga, ndiye mukudziwa kale kuti ndife a chimbuya: mitundu yathu ili ndi ufulu wonyozana, ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Tsiku loyamba kukumana anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka ku nsapato n'kufunsa ngati chakudya changa chamasana ndachigwila kale kapena chikali kukumba una. Ine ndinawauza kuti asavutike kuyang'ana m'mitengo ya ku Nyimba, a kolwe athu tinawachenjeza kuti kwabwela mlendo wanjala. Ubwenzi unayambila pamenepo. Iwo ankanditcha Mbewa, ine ndinkawatcha Kolwe, nyani wa m'chinenelo chawo.

Atate anga atamwalila ku Kalindawalo, a Mulenga anafika pa malilo ndi kathumba ka ufa. Anandithila kumutu mpaka ndinayela ngati khoma lopaka laimu, n'kulengeza kwa anthu onse kuti mbewa za m'minda ya kuno lelo zili pa chikondwelelo, mdani wawo wamkulu wagona. Ndinaseka pa manda a atate anga, misozi ikusakanikilana ndi ufa. Palibe munthu wina amene anandithandiza tsiku limenelo kuposa iwo.

Atapuma nchito sanabwelele kwawo. Anali atakwatila kale ku Mwape, nyumba atamanga, ndipo Kasama anali atawaiwala. Mwana wawo Bwalya, amene amagwila nchito ya makompyuta ku Lusaka, anawabweletsela kompyuta ndi gemu yomanga mizinda kuti asamangokhala. M'gemuyo umalemba misewu, umaika nyumba, misika ndi milatho, kenako tianthu timayamba kuyenda m'menemo. Anzathu amamanga mizinda ya nyumba zosanja zofika kumitambo. A Mulenga ayi. Iwo anayamba kumanga Nyimba monga anaipezela.

Anaika mkuyu uja unali pafupi ndi poimila mabasi, pamene okonza njinga ankakhala ndi mapampu awo. Anaika tiyilumu ya amayi aja ankadula buledi mokhuthala ngati akudana ndi phindu. Anaika kanyumba ka vidiyo kamene tinkaonelamo mafilimu a nkhonya titapanikizana pa mabenchi, mwini wake akutanthauzila mawu amene iyenso sankawamva. Gemuyo ilibe amayi ogulitsa nthochi, ndiye a Mulenga anandandalika timaokala ta maluwa m'mbali mwa msewu n'kutipaka chikasu. Chilichonse anachilemba dzina. Ndikawachezela tinkakangana masana onse kuti chigayo chinali kumanja kapena kumanzele kwa butchala, ndipo nthawi zambili iwo ndiwo ankakhoza.

Zambili mwa zinthu zimenezi kunja kulibenso. Mkuyu unadulidwa. Tiyilumu inasanduka sitolo ya mafoni. Sindikudandaula kuti tauni yakula, iyenela kukula. Koma palibe amene anajambula chithunzi, chifukwa masiku amenewo kamela tinkaisungila maukwati.

Nyengo yozizila ya chaka chatha a Mulenga anagwidwa ndi sitiloko. Dzanja lamanja linafooka, ndipo chowawa kwambili, lilime linamangika. Munthu amene pakamwa pake sipankatsekeka tsopano amavutika kupempha madzi. Koma mutu uli bwinobwino, ndipo dzanja lamanzele linaphunzila kugwila mausi. Akadzuka, akasamba, amawakhazika patsogolo pa kompyuta ija n'kupitiliza kumanga. Amake Bwalya amati akakhala m'Nyimba yawoyo nkhope imamasuka, ngakhale kudya amadya bwino.

Pa Khilisimasi Bwalya anapeza kuti kompyutayo ikuyenda ngati ngolo ya ng'ombe zotopa. Anachotsa pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina, ija timaidziwa m'maofesi, n'kuikamo ina yotchedwa Linux, mtundu wake wokonzela anthu a magemu. Tauni ya atate ake anaisamutsa bwinobwino. Ine ndinali pomwepo ndikudya nkhuku, ndipo zimene ankalongosola zinkangondidutsa pamwamba.

Ndiyo Nyimba imene inazima.

Ndinakwela kaminibasi, tinataya nthawi pa tenofu, mphambano ya msewu waukulu, kudikila kuti kadzaze, ndipo titadutsa Minga ndinaimbilanso amake Bwalya kuti ndimve bwino nkhani. Anati Loweluka kompyuta inatenga zatsopano pa intaneti, zimene amati apudeti. Pa Sondo atayatsa, sikilini inangokhala bii. Anzanga anakhala pampando kuyang'ana galasi lakudalo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mawa lake anachitanso chimodzimodzi. Mbale zinkabwelela momwe zapitila.

"Nanga Bwalya mwamuuza?" ndinafunsa.

Anati ayi. Kenako anati Loweluka lomwelo anapukuta fumbi kuseli kwa kompyuta n'kugwedeza nthambo, ndiye mumtima ankati ndi iwo aononga. Sanafune kuti mwana adziwe. Inu makolo a ana a m'tauni, musayang'ane kumbali, nonse mumachita zimenezi. Denga likhoza kudontha mwezi wathunthu, mwana akaimba foni mumati tonse tili bwino.

"Manje osadandaula," anawonjeza. "Naipeleka kale kumsika kwa a Daka. Akamba ati azaifomata."

Ndinakuwa mpaka amayi amene ndinakhala nawo pampando anandiyang'ana. Amake Bwalya ankaganiza kuti kufomata ndi kukonza, monga kupeleka njinga kuti aithile mafuta. Sankadziwa kuti ndi kusesa chilichonse chili m'kati, mkuyu, tiyilumu, timaokala tachikasu, zonse, osasiya ngakhale kachidutswa.

"Ayamba kale?"

"Awe. Malaiti kulibe. Ati akabwela masana ndiye ayambe."

Ndakhala ndikutukwana kuzimazima kwa magetsi mu danga lino kwa zaka zambili. Lelo ndilembe poyela kuti Lachiwili lapitali, ndili m'kaminibasi, ndinapemphela kuti magetsi achedwe.

Ndinapeza kompyuta ili pa kauntala ya a Daka pakati pa mafoni osweka magalasi, fulashi yofomatila atailowetsa kale. A Daka ndi bambo wabwino, wa tsitsi la imvi pang'ono, ndipo theka la mafoni a ku Nyimba ali moyo chifukwa cha iwo. Nditawauza kuti aime kaye anadabwa.

"Bambo, ikada chonchi ni fomati chabe," anatelo. "Magemu tizaikamo yenangu, ambili maningi. Mpila, mamotoka, vonse."

Ndinawafunsa ngati anauzidwa chimene chili m'katimo. Anati ayi, ndipo iwonso sanafunse. Amake Bwalya anali ataima pakhomo akupotokola nsonga ya chitenje. Ndinawayang'ana, ndinapepesa, n'kuimbila mwana wawo.

Bwalya anakuwa mpaka a Daka anamva popanda kukweza foni.

"Ankolo, osafomata! Chonde, chotsani iyo fulashi manje manje!"

Atapuma analongosola pang'onopang'ono, monga amachitila ndi ife okalamba. Anati amayi ake alibe mlandu, fumbi silinachite kanthu. Apudeti ija iyenela kuti sinagwilizane ndi kachipangizo kakale kotulutsa zithunzi. Anati n'chifukwa chake anasankha Linux ya mtundu umenewo: ikatenga zatsopano siitaya zakale, imazisunga pambali.

"Malaiti akabwela, yatsani, ndiye muzidina batani ya pakona yolembedwa Esc. Muzaona mizele iwili. Wapamwamba ni watsopano uja wavuta. Wamunsi ni wakale, unali kusebenza. Sankhani wamunsi."

"Nanga tauni ya atate ako?"

"Tauni ili kwayekha, ankolo, apudeti siifikako. Chingaiphe ni fomati chabe."

Anavomela kuti nayenso anali asanakopele tauniyo kwina kuchokela pa Khilisimasi. Choncho zonse zimene a Mulenga anamanga ndi dzanja lamanzele zinali m'bokosi limenelo basi.

Tinakhala pa benchi kudikila, tikudya nthochi. Amake Bwalya atamva kuti si iwo anaononga, anayamba kulankhula ngati kale, mpaka anandifunsa za tomato wanga. Masana wailesi ya pa babashopu yoyandikana inayamba kulila mwadzidzidzi, ana a mumsewu n'kukuwa kuti malaiti abwela. Tinathamangila m'kati.

Ulendo woyamba chala changa chinachedwa, sikilini inada ngati kale. Amake Bwalya anagwila pakamwa. Tinazimitsa n'kuyatsanso, ulendo uno a Daka ndiwo ankadina, ndipo mizele iwili ija inaoneka, yoyela pa galasi lakuda. Tinasankha wapansi. Kompyuta inaganiza pang'ono, kenako inayaka monga inkayakila Lachisanu, ngati palibe chinachitika. Bwalya anatiuza zolemba kuti ikhale pa mzele umenewo mpaka atabwela, ndipo a Daka, m'malo mochita manyazi, anatenga foni n'kuyamba kumufunsa kuti Linux imeneyi imapezeka bwanji.

Tsopano ndiloleni ndikambe nanu za mawu awa akuti "fomatani chabe".

Amene munagwilako kompyuta m'masiku a ma intaneti kafe mukukumbuka. Fulashi ikangolowa m'kompyuta ya pa boma inkabwela ndi mavailasi ngati galu wochokela kuthengo ndi nkhupakupa. Mankhwala anali amodzi. Kompyuta ikachedwa, fomati. Ikatentha, fomati. Ikalila modabwitsa, fomati. Zithunzi za ukwati wa mlongo wanga zinapita choncho, ndi nyimbo za kwaya yathu zimene tinajambula tili ndi mawu. Tinkangoti zapita, n'kumayamika wokonzayo kuti makina tsopano akuthamanga.

Tinazolowela mpaka tinaiwala kuti pangakhale njila ina. Koma onani anthu a magemu. Ife timawaona ngati otaya nthawi, koma iwo anatopa ndi kutaya zinthu. Amakonda zatsopano kuposa tonsefe, sabata ndi sabata akusintha, ndipo amadziwa kuti chatsopano nthawi zina chimabwela chopunduka. Ndiye ena mwa iwo anapanga makina amene amalekanitsa zinthu ziwili: zoyendetsa kompyuta kwake, katundu wa mwini wake kwake. Bwalya akuti ngakhale magetsi atathawa apudeti ili pakati, zakale zimakhala zili chilili, chifukwa zatsopano sizilowa m'malo mpaka zitakwanila. Kwa ife a kuno chimenecho si chinthu chaching'ono.

Nzelu imeneyi si yachilendo. Mlimi wa ku Mwape akamayesa mbewu yatsopano ya m'sitolo sataya chimanga cha makolo. Amapachika ngala zingapo pa denga la khitchini kuti yatsopanoyo ikakana apeze pobwelela. Tinazidziwa kalekale m'munda. Nanga bwanji kwina konse timasesa?

Bwana watsopano akafika pa ofesi, choyamba ndi kuchotsa zonse za amene analipo, zabwino ndi zoipa pamodzi, kuti anthu aone kuti kwabwela munthu. Komiti yatsopano ya pa mpingo imayamba ngati mpingo wabadwa dzulo. Mtengo umene anthu akhala akudikilila basi pansi pake kuyambila ife tisanamele ndevu umagwa m'mawa umodzi, ndipo palibe amene amafunsa okonza njinga kuti mthunzi aupeza kuti.

Chimene chimandipweteka kwambili ndi cha pa malilo. Tikagawana katundu wa malemu, foni imapita kwa mphwake. Mawa lake mphwakeyo ali kale kumsika kuti amufufutile zonse, aikemo zake. M'foni imeneyo munali mawu a malemu akuseka, akuimba, akukalipila ana kuti atseke mbuzi. Mkazi wamasiye amadzakumbuka patapita mwezi, akalakalaka kumva mawu aja kamodzi kokha, n'kupeza kuti foni ili ndi nyimbo za achinyamata. Palibe amene anachita mwankhanza. Palibe chabe amene anafunsa.

Sindikunena kuti tonse tithamangile Linux. Ine ndemwe sindingathe kuiika, ndipo ndamva kuti magemu ena amakana kuyenda pa iyo. Nayonso ili ndi malile ake: imabweza makina, koma katundu wako ukamufufuta wekha sikubwezela. Ndikungoti ndinachita nsanje kuona chinthu chopangidwa ndi anthu amene anavomeleza kuti akhoza kulakwitsa, n'kusiya khomo lotsegula kumbuyo.

Tinanyamula kompyuta pa njinga ya kabaza, ine ndikuyenda pambali nditaigwila ngati mtanga wa mazila. Tinapeza a Mulenga ali pampando wawo, akuyang'ana tebulo lopanda kanthu. Atandiona sanamwetulile. Anaonda m'masiku ochepa amenewo, ndipo ndinamva chisoni chimene sindinafune kuti achione.

"Kolwe," ndinatelo, "ndamva mwanyanyala chakudya. Kapena mukudikila kuti tikutcheleni m'mitengo?"

Ndinalumikiza nthambo monga a Daka anandionetsela, ndinayatsa, n'kutsegula gemu. Nyimba inatuluka. Msewu waukulu, timaokala tachikasu, mkuyu, tianthu tikuyenda ngati sitinamve kuti tinatsala pang'ono kufa.

A Mulenga anatulutsa mpweya wautali. Dzanja lamanzele linafufuza mausi. Ndinkaganiza kuti ayamba kuzungulila tauni yonse kuona ngati zonse zilipo, koma analunjika malo amodzi. Anayandikitsa chithunzi pansi pa mkuyu, pambali pa okonza njinga. Panali kaokala kamene ndinali ndisanakaonepo. Anandikoka malaya kuti ndiwelame ndiwelenge dzina lake.

Panalembedwa kuti: SAKALA NA ANA, MBEWA ZOOCHA.

Amake Bwalya anati a Mulenga anakamanga mwezi wathawu. Dzinalo analilemba ndi chala chimodzi, akulakwitsa ndi kufufuta, ndipo anakana kuti wina awathandize. Ankadikila kuti ndibwele adzandionetse.

A Mulenga anandiyang'ana. Milomo inanjenjemela, khosi linalimba, ndipo mawu anatuluka okhota koma omveka.

"Mbe... wa."

Kuyambila tsiku limene anadwala ndinali ndisanamve dzina langa pakamwa pawo. Ndinafuna kubweza chipongwe monga mwambo ufunila. M'malo mwake ndinalila, bambo wamkulu wa zidzukulu, ndipo Mbemba uja anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope mpaka kutsokomola. Kenako analoza kukhitchini, amake Bwalya n'kuthamanga kukatenthetsa chakudya.

Lilime la mnzanga lilibe mzele wachiwili woti tisankhe. Palibe batani limene lingandibwezele a Mulenga aja a kathumba ka ufa, ndipo zimenezi zimandiwawa tsiku lililonse. Zimene zatsala za nthabwala zawo zili m'bokosi lija, ndipo Lachiwili zinapulumuka chifukwa magetsi anachedwa.

Pobwelela ku Petauke kaminibasi kanaima pamene panali mkuyu. Dzuwa linali kuswa mutu, anthu atabisala m'mbali mwa khoma. Ndinagula nthochi zimene sindinakonze kugula.

Inu amene muli ndi foni ya malemu m'kabati, kapena kompyuta yakale imene mukuti muipeleke kumsika Loweluka, ndikufunseni. Wokonza akadzati "tifomate chabe", mudzayamba mwafunsa kuti m'katimo muli ndani?